Chitsulo Chagwira Fupa, Dzanja Ndi Ntchito Yako

Mwana wanga wokondedwa,

Ndafika bwino kuno kumudzi. Minibasi inanditsitsa pa Mponela dzuwa litapendeka, ndipo bambo ako ndinawapeza akundidikira ndi njinga. Za ulendo sanafunse n'komwe. Anangoti, "Zala akuzigwedeza?" Nditati akuzigwedeza, m'pamene anapumira m'mwamba n'kulandira chikwama.

Ndasankha kulemba chifukwa ndimakudziwa. Pa foni umangoti "ndamva amayi, ndamva," mtima uli ku saluni. Masiku asanu aja ndinali gadiyani wako sindinafune kukuchulukitsira mawu, pakuti ululu unali wokwanira kale ndipo mankhwala ankakugonetsa. Tsopano m'maso mwayera. Khala pansi uwerenge, ukamaliza uwapatsenso bambo a mwana, chifukwa zina m'kalata muno n'zawo.

Ndiyambe ndi chithunzi cha ekisire chimene adokotala anationetsa pa LION paja, chipatala cha mafupa cha ku Lilongwe, iwe uli mtulo togwa nato. Kuchokera pachigongono kufika padzanja pali mafupa awiri. La mbali ya chala chamanthu, limene ku sukulu ya unamwino tinkalitchula kuti radius, ndi limene limasenza katundu wambiri munthu akatsamira dzanja. Lako lathyokera kumapeto kwenikweni, pamene umavala wotchi. Kabaza uja ataterereka pamchenga unatsogoza dzanja kuti uteteze nkhope, monga amachitira munthu aliyense akamagwa, n'chifukwa chake kuthyoka kwa pamenepa sikusowa m'chipatala chilichonse. Aphunzitsi athu ankatiuza za dokotala wa ku Dublin m'dziko la Ireland, Abraham Colles, amene analemba za kuthyoka kwa fupa limeneli mu 1814, makina a ekisire asanatulukiridwe mu 1895. Iye ankangoona ndi maso dzanja litapindika n'kupapasa ndi zala. Ife tinaona mkati mwenimweni: fupa lako linasweka zidutswa, mng'alu unalowa mpaka m'mfundo, ndipo zidutswazo zinasuntha. Chikhakha chokha sichikanatha kuzigwira. N'chifukwa chake anakutengera ku fiyeta, kukucheka mbali ya kuchikhatho, kubwezera zidutswazo m'malo mwake n'kuzimanga ndi kachitsulo ndi timasikuluwu.

Anthu akamva kuti munthu amuika chitsulo amaganiza kuti walimba kuposa kale. Ndinamva ndekha mnzako uja wobwera ndi nthochi akunena kuti, "Ndiye basitu, chitsulo sichithyoka." Usamumvere. Unaona pamene tinkamanga nyumba ino, amisiri atathira linta pamwamba pa chitseko anachirikiza ndi matabwa kwa masiku ambiri. Matabwa aja sanali linta. Ankangogwira kuti simenti iume ili malo oyenera. Chitsulo chako n'chimodzimodzi. Fupa limadzilumikiza lokha, ndipo limatenga masabata pafupifupi 6 kuti ligwirane, kenako miyezi ngati 3 kuti lilimbe mokwanira kusenza zolemera. Ukalisenzetsa katundu nthawi isanakwane, timasikuluwu timagwedera, fupa limatitimira, ndipo umabwereranso ku fiyeta kukayambira pamene unayambira, mwinanso poipirapo.

Imeneyo ndi ngozi ya munthu wopupuluma, ndipo iwe ndiwe wopupuluma chibadwire. Koma pali ngozi inzake, ya munthu wamantha, ndipo imeneyo ndikuidziwa bwino chifukwa ndimayenda nayo tsiku ndi tsiku.

Ukukumbukira chaka chimene unkalemba mayeso a Fomu 4, pamene ndinaterereka pandere m'bafa? Linali fupa lomweli, dzanja lomweli lamanja. Pachipatala chimene ndinkagwira ntchito panalibe zoika zitsulo. Anandithandiza ndi mmodzi wa ma clinical officer a mafupa, aja amene dziko lathu linayamba kuphunzitsa mu 1985 chifukwa madokotala a opaleshoni ya mafupa ankasowa. Anandikoka dzanja, fupa linabwerera m'malo, n'kundiika chikhakha. Ntchito yake anaigwira bwino, ekisire inachitira umboni. Wolakwa ndinali ine. Ine amene m'mawa uliwonse ndinkazungulira m'wodi kuuza odwala kuti azigwedeza zala, langa ndinalisunga ngati dzira. Masabata 6 onse linali pachifuwa, m'kansalu kokoleka m'khosi, usana ndi usiku. Tsiku limene anadula chikhakha ndinaona mkono wowonda, khungu likufundula, zala zosatha kufumbata ngakhale supuni. Anandiuza kuti ndizibwera ku mafizo sabata iliyonse. Ndinapitako kawiri. Zinkapweteka, kenako kunagwa maliro a agogo ako, kenako kukolola, kenako ntchito ya usiku. Ndinadziuza kuti dzanja lizichira ndi ntchito. Linachiradi, koma linakafika pamene linafika n'kuumira pomwepo.

Lero ndikamalandira chinthu ndi manja awiri, lamanja silitembenuka kuti chikhatho chiyang'ane kumwamba. Limaima cham'mbali. Polandira mgonero ku tchalitchi, polandira chenji pagolosale, ndimachita kupotoza phewa lonse ndi kupendeketsa thupi. Pachinkhoswe chako, akuchimuna atandipatsa mbale ija, inapendekeka ndipo ndinachita kuigwiriza ndi chifuwa. Anthu anayesa kuti ndi chisangalalo. Koma chimene chinandiwawa kwambiri sindinakuuzenipo ana inu. Ndinali nesi amene anzanga ankandiitana mtsempha wa kakhanda ukasowa poika diripi. Dzanja litauma ndinayamba kuphonya. Tsiku lina ndinabaya kamwana kowonda katatu osaupeza mtsempha, mayi ake akundiyang'ana, ndipo madzulo ake ndinakapempha ndekha kuti andichotse kuwodi ya ana. Ndinali ndi zaka zina zoti ndigwire kumeneko. Ndinazitaya chifukwa cha masabata ochepa amene ndinaopa ululu.

Iwe umadya ndi zala zako. Zingwe zimene umaluka pamutu pa munthu zimafuna chala chamanthu ndi chamkombaphala zomvana, ndi mfundo yotembenuka kangapo pa mphindi imodzi. N'chifukwa chake sindikugona.

Ntchito yako yayamba kale, si ya mawa. Choyamba ndi kutupa. Madzi amene atupitsa dzanjalo akakhalitsa amasanduka ngati ulimbo, amamata minyewa imene imakoka zala. Dzanja lizikhala pamwamba kuposa mtima. Pogona uliike pamapilo awiri, osati kulilendeweretsa m'mphepete mwa bedi. Ukakhala pampando, chigongono chitsamire pa chinthu, zala ziloze kudenga ngati mwana wa sukulu amene akufuna kuyankha funso. Mphete ya ukwati ija ndinakuvula tsiku loyamba, usaibwezere mpaka kutupa kutatheratu. Valira kudzanja linalo kapena ikoleke pa kaunyolo m'khosi. Ndinaonapo mphete zikudulidwa ndi chida chala chitayamba kuda.

Chachiwiri ndi zala. Sizinathyoke, ndiye zilibe chifukwa chopumira. Ola lililonse ukakhala maso, zitambasule zonse mpaka ziwongoke, kenako ufumbate chibakera chenicheni, nsonga zifike pachikhatho, osati kungozigwedeza pang'ono ngati ukukodola mwana. Kakhumi. Kenako chala chamanthu chigunde nsonga ya chala chilichonse, mpaka kakang'ono komaliza. Zikakana, lithandize ndi dzanja lamanzere pang'onopang'ono. Phewa ndi chigongono usaziiwale: kweza mkono wonse kumwamba, gwira kunkhongo, wongola chigongono, m'mawa, masana ndi madzulo. Phewa la munthu wovala kansalu kam'khosi limauma mwakachetechete, ndipo kuliwongola kumatenga nthawi yaitali kuposa kupola kwa fupa. Kansaluko uzivala ukamayenda pagulu kapena m'minibasi kuti anthu akupatse danga. M'nyumba kavule.

Bala likhale louma mpaka atachotsa ulusi, kawirikawiri pakatha masiku 10 mpaka 14. Posamba veka mkonowo jumbo yosabowoka, umange ndi mphira cha kuchigongono, ndipo uukweze m'mwamba. Mukayabwa mkati mwa bandeji usalowetsemo chipeso cha mchira chija kapena waya. Guguda pamwamba pang'ono ndi chala, kuyabwako kumadutsa.

Tsopano izi uwerenge kawiri, ndipo bambo a mwana awerenge katatu. Pali zizindikiro zimene sizidikira tsiku limene analemba m'buku la kuchipatala. Ngati dzanzi la m'chala chamanthu, chamkombaphala ndi chapakati likuwonjezeka m'malo mochepa, ndiye kuti mtsempha umene umadutsa pakati pa mfundo ukupanikizika. Ngati ululu ukukulirakulira, mankhwala osaugwira, makamaka ukamawongola zala. Ngati zala zazizira, zatuwa, kapena zikhadabo zayamba kuda. Ngati thupi latentha, pabala pakutuluka mafinya kapena fungo. Pakhungu lathu kufiira sikuoneka msanga, choncho uzikhudza pafupi ndi bala ndi kuseri kwa dzanja linalo, uyerekeze kutentha kwake ndi kwa mkono wabwinowo. Ukaona chimodzi mwa izi, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Anamwino sakwiya ndi munthu wobwera msanga. Amene ankatisweka naye mtima ndi wobwera patapita masiku atatu chifukwa ankaopa kuvutitsa.

Za mankhwala ndinena mwachidule. Panado wa 500 mg ndi mapiritsi awiri pa nthawi, osapitirira 8 pa maola 24, ndipo kumbukira kuti mankhwala ambiri a chimfine ali ndi Panado yemweyo mkati. Brufen uzimwa utadya. Popeza ukuyamwitsa, aliyense wokulembera mankhwala umuuze zimenezo asanagwire cholembera. Tramadol ndi codeine, mankhwala amphamvu a ululu, amalowa mumkaka ndipo amatha kufooketsa mwana n'kumugonetsa moopsa, ndiye usalandire "kamphamvu" kalikonse kochokera m'chikwama cha mnzako.

Pa masabata 6 oyambawa, dzanjalo lisanyamule cholemera kuposa kapu ya tiyi. Ndikudziwa kuti wafika pa mzere uwu wayamba kale kuwerenga zimene zikudikira m'nyumbamo. Chidebe cha malita 20 chikadzaza ndi makilo 20. Kuthyakula nsima ya anthu asanu ndi ntchito ya mfundo yeniyeni. Kufinya zovala ndiye koipitsitsa, chifukwa kumapotoza fupa pamene pali timasikuluwu. Palinso zina zimene munthu amachita asanaganize: kutsamira dzanja podzuka pamkeka, kudzikoka pokwera minibasi, kuwakha chinthu chikamagwa. Mbale ikamagwa, ileke igwe. Mbale zili m'sitolo.

Chovuta kwambiri ndi mdzukulu wanga. Kusikelo komaliza anali ndi makilo 10, ndipo sadziwa kuti amake ali ndi bala. Akalira amatambasula manja basi. Ndinakuona tsiku lotuluka lija utatembenukira kukhoma iye akulira, ndipo ndinadziwa kuti chikukuliza si bala. Usamunyamule kuchokera pansi. Khala pampando kapena pamphasa, akwere yekha pamiyendo pako, umukumbatire ndi lamanzere. Poyamwitsa gona cham'mbali kapena muike papilo. Ukafuna kumubereka, wina amuike kumbuyo n'kumanga chitenje, ndipo wina amutsitse. Mwana sawerenga kuti wanyamulidwa ndi manja angati. Amafuna fungo la amake ndi mawu awo, ndipo zimenezo sizinathyoke.

Apa ndiye pofunika kuti udzichepetse. Kuyambira uli wamng'ono sunkafuna kuthandizidwa. Mtolo wa nkhuni unkasenza wekha ngakhale khosi likunjenjemera. Khalidwe limenelo lakumangira saluni, koma miyezi itatu ino likhoza kukuphera dzanja. Mutu umodzi susenza denga. Ndalankhula ndi mng'ono wanga, ndipo mwana wake wamkazi uja amene akudikira malo ku koleji abwera kudzakhala nanu. Umulandire ngati m'bale wako, osati wantchito, ndipo nsima yake ikakhala yolimba kapena yofewa mosiyana ndi yako, idya osadandaula. Asewere anga anenanso kuti azibwera Loweruka kudzachapa. Alole. Usati, "Ayi amayi, ndikwanitsa." Kukana thandizo la apongozi kumapweteka mtima wawo kuposa mmene ukuganizira.

Kwa inu bambo a mwana, ndikulankhula mwaulemu wonse. Ndinaona mmene munathamangira usiku uja ndiponso mmene munagonera pabenchi, ndipo ndikuthokoza. Koma ntchito yaikulu ndi ino ya kunyumba, imene anthu saiona. Mkazi wanu sangathe kumanga chitenje, kutseka mabatani, kusamba kumsana kapena kupesa tsitsi lake. Sadzakupemphani, ndimamudziwa. Muzingoyamba nokha. Ndipo mukamuona wagwira tsache kapena mthiko, mulandeni.

Kudya ndi kulandira ndi lamanzere kudzakuchititsa manyazi, makamaka pamaso pa akuluakulu. Ungoti, "Pepani, ndi lamanzere, lamanja ndi lovulala," basi. Palibe munthu wanzeru amene angakuyese wamwano. Nsima ikamavuta idya ndi supuni masiku oyambawa.

Alendo odzazonda adzabwera ndi malangizo, ndipo ambiri adzanena mwachikondi. Wina adzati akuthowe ndi madzi otentha, wina akutemere mphini n'kupakamo mankhwala akuda, wina akukoke dzanja kuti "mitsempha ibwerere." Uwathokoze, uwapatse tiyi, koma dzanja asaligwire. Kutentha pa nthawi ino kumawonjezera kutupa, ndipo khungu la dzanzi limapsa mwini wake osamva. Mphini pafupi ndi chitsulo ndiye ayi ndithu. Tizilombo tikalowa n'kukafika pachitsulo timamatirira pamenepo, mankhwala amavutika kutifikira, ndipo nthawi zina mapeto ake ndi kuchotsa chitsulocho fupa lisanapole. Ndinasamalirapo mnyamata wotero miyezi yambiri m'wodi, ndipo fungo la bala lake sindinaliiwale mpaka lero.

Adzakuuzanso kuti chitsulo chimachita dzimbiri m'thupi, chimaitana mphenzi nthawi ya dzinja, ndiponso kuti n'chofunika kuchichotsa chaka chikatha. Zitsulo zimenezi amapanga ndi titanium kapena chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo mphenzi ilibe nazo ntchito. Anthu ambiri amakhala nacho moyo wonse. Amachichotsa pokhapokha ngati chikukhula minyewa kapena chikusautsa. Ndamvanso kale kunong'ona kuti ngoziyi ndi ya anthu a nsanje ndi saluni yako. Mwana wanga, panali mchenga pakona, njinga inali pa liwiro. Ukayamba kuyang'ana anzako ndi diso lokayika, dzanja lidzapola koma udzatsala wopanda anzako.

Tsiku loyamba kupinda mfundo yeniyeniyo adzanena ndi adokotala amene analiona fupa ndi maso awo. Ena amalola pakangotha masabata awiri, ulusi ukachoka, munthu n'kumavula chomangira dzanja pochita mafizo. Ena amadikiritsa ngati zidutswa zinali zambiri. Usayerekeze ndi za munthu wina wa pa Facebook. Koma akakangoti yamba, uyambe tsiku lomwelo, ndipo ku mafizo usajombe ngakhale kamodzi. Uli ndi mwayi umene ine ndinali nawo n'kuutaya: anthu ophunzira ntchito imeneyi ali mumzinda momwemo. A kumudzi kuno amayenda mitunda kuti awapeze, ndipo a kummwera ena amachita kupita mpaka ku Kachere ku Blantyre.

Wa mafizo adzakuona mwina kamodzi pa sabata. Masiku enawo mphunzitsi ndiwe wekha, katatu kapena kanayi pa tsiku. Adzakuonetsa kuika mkono patebulo dzanja likulendewera m'mphepete, n'kumalikweza ndi kulitsitsa. Adzakuonetsa kuphatikiza zikhatho pachifuwa ngati ukupemphera n'kumazitsitsa pang'onopang'ono zigongono zikutambasuka. Koma imene ndikukupempha ndi mtima wanga wonse ndi iyi ya kutembenuza. Chigongono chigunde m'nthiti, chisachoke. Tembenuza chikhatho chiyang'ane kumwamba ngati ukulandira mphatso, gwira pomwepo uwerenge mpaka khumi, kenako chiyang'ane pansi. Thupi lidzafuna kukunamiza, chigongono chizithawa m'nthiti kuti phewa ligwire ntchito ya mfundo. Pana kabuku m'khwapa. Kakagwa, wadziwa kuti wabera. Pambuyo pake udzagwira mthiko kumapeto n'kumaupendeketsa uku ndi uku, kulemera kwake kuzikuthandiza kukoka. Kutembenuza kumeneku n'kumene ine ndinataya, ndipo kukatayika miyezi yoyambayi kumavuta kukubweza.

Zidzapweteka, sindikunamiza. Uphunzire kusiyanitsa ululu wa mitundu iwiri. Pali wokoka, wonga umene umamva m'miyendo ukagwira ntchito ya kumunda patapita nthawi; umabwera pochita mafizo n'kuzirala ukapuma. Umenewo ndi mnzako, upirire. Pali wobaya ngati singano pamalo amodzi, umene umakhalabe mpaka usiku, m'mawa dzanja n'kudzuka litatupa kuposa dzulo. Umenewo ukutanthauza kuti wapyola muyeso. Chepetsa, ndipo ukawauze. Kumwa Panado patatsala theka la ola kuti uyambe kumathandiza. Ndipo usamayeze kusintha tsiku ndi tsiku, udzagwa ulesi. Lamulungu lililonse bambo a mwana azijambula dzanjalo pa foni litapindika mpaka pamene likufika, munditumizire. Ukadzayerekeza chithunzi cha lero ndi cha masabata atatu apitawo m'pamene udzaone kuti ukuyenda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bala likatsekeka bwinobwino, nkhanambo zitagwa zokha, uzisisita chipseracho ndi Vaseline, mozungulira ndi mopingasa, mphindi zingapo kawiri kapena katatu pa tsiku, kuti khungu lisamatirire ku minyewa ya pansi pake. Chikamanyerenyetsa kapena kuchita ngati magetsi, usachibise. Chizolowetse kukhudzidwa, poyamba ndi thonje, kenako chitenje, kenako thaulo.

M'nyumba mwako momwemo muli mafizo ambiri amene salipiritsa. Kusankha nyemba palichero imodziimodzi. Kutola timiyala mumpunga. Kupana ndi kumasula mapegi a zovala. Kutseka mabatani a malaya a mwana. Akakuloleza kufumbata mwamphamvu, kuumba mbamu ya nsima m'chikhatho ndi mankhwala abwino kuposa kampira kogula. Ndipo ndakuganizira ichi: umange zingwe zitatu za wulu kumsana kwa mpando, uziluka mphindi zisanu, kumasula, kulukanso madzulo. Pakapita masabata uwonjezere nthawi, kenako uyambe meshi pa chidole. Zala zimakumbukira ntchito yawo zikapatsidwa mpata. Mutu wa munthu wamoyo, umene umatenga maola anayi osapuma, ubwere pomalizira.

Fupa limamangidwa ndi chakudya. Usipa ndi matemba uzidya ndi minga yomwe, chifukwa calcium ali m'mingamo. Chambiko, mkaka, mazira, nyemba, soya, bonongwe, nkhwani wotendera. Magwafa, malalanje ndi malambe amathandiza bala kupola. M'mawa uzikhala padzuwa kanthawi, chipsera chitaphimbidwa. Ukuyamwitsa ndiponso ukumanga fupa nthawi imodzi, ndiye ino si nthawi yoti uzidya tiyi ndi buledi n'kumati wakhuta. Mwayi wako susuta ndipo sumwa. Fodya amachedwetsa kwambiri kupola kwa fupa. Achimwene awo a bambo a mwana akabwera, azikasutira kunja.

Tsopano za saluni, zimene ndikudziwa kuti ndi zimene zikukusowetsa tulo. Lendi sidikira, banki m'khonde sidikira, ndipo ukuopa kuti makasitomala azolowera kwina. Ndikumva. Koma tawerengera bwino. Ukathamangira kuluka sabata yachinayi n'kugwedeza chitsulo, sudzataya miyezi itatu koma chaka, mwinanso ntchito yonse. Atsikana awiri aja unawaphunzitsa wekha. Ino ndi nthawi yoti uone ngati unaphunzitsa bwino. Ulusi ukachoka ukhoza kumapitako, kukhala pampando, kulandira anthu, kuyang'anira mizere ndi kusunga ndalama. Pakamwa pako ndi maso ako ndi theka la saluniyo. Ku banki m'khonde upite wekha, usatume munthu, uwaonetse dzanja ndi kuwapempha kuti akutalikitsire nthawi. Anthu amakwiya ndi wobisala, osati wobwera poyera. Bambo ako anena kuti mbuzi ziwiri zipita kumsika, ndipo pa soya wa chaka chino matumba atatu ndi ako. Usakane. Iwo alankhula kale, ndipo ukudziwa kuti akalankhula sabweza. Ukasunga dzanja bwino, nyengo ya maukwati ikamafika pachimake mu Ogasiti ndi Seputembala udzakhala utayamba kugwira mitu yosavuta.

Kabaza usakwere mpaka adokotala atanena kuti fupa lalimba. Ngakhale osagwa, kugwira kumbuyo kuja pamabampu n'kokwanira kukuvulaza. M'minibasi pempha mpando umene dzanja lamanja silipanikizika, ndipo kondakitala asakukoke mkono pokukweza.

Pali zinthu ziwiri zimene zimatha kubwera mochedwa, munthu atayamba kale kuiwala. Ukadzaona tsiku lina chala chamanthu chakanika kudzuka kapena kupinda nsonga yake, kapena ukumva kukhula ndi kupweteka pamene pali chitsulo ukamachigwedeza, pita msanga. Mnyewa umatha kuperepeseka n'kuduka, ndipo akaupeza nthawi ilipo amaukonza. Chinacho ndi ululu wotentha ngati moto, dzanja lonse kutupa, khungu kunyezimira ndi kutuluka thukuta, mpaka nsalu yokha ikakhudza n'kumapweteka. Amenewo ndi matenda odziwika, si misala ndipo si kulodzedwa, ndipo amamva chithandizo akayambidwa msanga.

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kukubweraku dzanja lidzawawa m'mawa ndipo lidzauma. Langa limatero chaka chilichonse. Bala likadzapola ndipo kutupa kutachepa, kuliviika m'madzi ofunda usanayambe mafizo kumalifewetsa. Mphamvu yofumbata imabwerera mochedwa kuposa china chilichonse. Botolo limene unkatsegula osaganiza lidzakukanika miyezi ingapo, ndipo dzanja limapitiriza kusintha mpaka chaka chathunthu. Masiku ena udzatopa nazo, udzalira, udzakalipira anthu osalakwa. Likafika tsiku lotero undiimbire, ngakhale usiku. Foni ndikugona nayo kumutu.

Msuweni wako anyamuka Lachisanu m'mawa ndi kalata iyi. Ndamupatsira ufa woyera ndowa imodzi, nsinjiro, nyemba zosasankha dala kuti ukasankhe ndiwe, malambe, ndi usipa umene ndagula pa Mponela. Mazira ali m'kachitini ka gaga, mutsegule mosamala. Tsiku lochotsa ulusi ndidzabwera ndi minibasi yoyamba kuti tikapitire limodzi, ndipo ndikufuna ndikamve ndi makutu anga tsiku limene akulole kuyamba kupinda. Ndikadzafika, moni usadzandipatse ndi pakamwa pokha. Udzandionetse chibakera.

Bambo ako akupereka moni kwa nonse, ndipo akuti mdzukulu wawo umuuze kuti kamwana ka mbuzi yoyera ija n'kake, sikagulitsidwa. Amayi a Mvano anakupempherera Lachinayi.

Ndine mayi ako.